Kamunga m'diso la Boorsok

A Toktosun anafika mumzinda wa Bishkek atanyamula zinthu ziwiri zimene ankazinyadira: mwendo wa nkhosa wokulunga m'nsalu, ndi thumba la udzu wouma umene anamweta okha kudambo lawo kumapiri a Naryn. Nyama inali ya mwana wawo ndi mkazi wake Meerim. Udzu unali wa mbira ya mdzukulu wawo Akylai, kanyama konenepa kofiirira kamene mwanayo anakatcha Boorsok poti kanafanana ndi timandasi ta pachikondwerero ta dzina lomwelo.

"Uwu ndiye udzu," anatero akumasula thumba pakati pa nyumba. "Osati zinyalala za m'mapepala mumagula kusitolo zija. Tanunkhiza, phiri lonse lili momwemu."

M'mawa mwake Akylai ankapita ku Osh ndi bambo ake kumpikisano wa magule, ulendo wa masiku asanu. Ali pakhomo, chikwama chili kumsana, anawagwira agogo ake mkono.

"Agogo, Boorsok ndikusiyirani inuyo. Amayi amatanganidwa. Mulonjeze."

"Iwe mwana, undiseketsa," anatero a Toktosun akudziguguda pachifuwa. "Zaka makumi anayi ndikuweta nkhosa, mimbulu uku, chisanu uku, ndiye kakhoswe kopanda mchira aka kandikanike? Ukabwera udzawerenge wekha. Miyendo inayi, makutu awiri, maso awiri."

"Ndidzawerengadi," anatero Akylai, ndipo sankaseka.

Tsiku lomwelo a Toktosun anadzaza khola ndi udzu wawo mpaka pakamwa. Mbira inalowa m'katimo ndi mutu, ikufukula, ikulumpha ngati yaledzera. Mkuluyo anakhala pampando n'kumaonerera, mtima uli mbee. Munthu akakalamba amafuna chinthu chimodzi chimene ana a m'tauni sangamuphunzitse, ndipo iwo anali atachipeza.

Kutacha anapeza diso lamanzere la mbira lili lotsinzina, misozi itanyowetsa ubweya wa patsaya. Sanadandaule ngakhale pang'ono. Maso a nkhosa anachiza osawerengeka, ena mpaka kuchotsa zitsotso ndi lilime. Anakanyamula kanyamako, napita nako pawindo, nakweza chikope ndi chala chachikulu. Anayang'ana kamodzi, kawiri, katatu.

"Mulibe kanthu," analengeza. "Kafumbi chabe. Mwananga, undifulire tiyi wakuda bii, usathire kalikonse."

Meerim anafula tiyiyo, nadikira kuti azizire, nabweretsa ndi thonje lomwe. Mkazi wa mwana satsutsa apongozi, ngakhale dzina lawo salitchula. Koma Meerim anali atakhala pabanjalo zaka khumi ndi chimodzi, ndipo anali ndi njira yake. Zimene sakanatha kuuza apongozi ankauza ziwiya.

"Iwe thonje," anatero akuliika patebulo, "buku la Akylai likuti diso la mbira likatsinzina, tsiku lomwelo kwa dokotala. Kaya iwe unawerengako."

"Thonje silinapite kusukulu, n'chifukwa chake lili ndi nzeru," anayankha a Toktosun akutsuka disolo. "Mawa lidzakhala lowala ngati batani."

Mawa linafika, koma batani silinawale. Diso linali litachita mbuu, lotuwa mobiriwira ngati madzi otsukira chikho cha mkaka. A Toktosun analiyang'ananso pawindo ndipo sanapezemo kanthu. Apa anaganiza zotulutsa mankhwala aakulu, amene bambo awo ankachizira mahatchi. Anapera shuga ndi msana wa supuni mpaka atakhala ufa, napinda kapepala ngati kampope kouzirira m'diso.

Meerim anaona. Anangopita kufuliji, naitsegula, naitseka, naitsegulanso mwamphamvu mpaka mabotolo analira.

"Iwe fuliji, wakalamba kodi?" anafunsa mokweza. "Masiku onse ukangotseguka wina amaimba malikhweru m'kholamo kufuna nkhaka. Lero zii. Nkhaka ya dzulo ija ili pomwepo, ndowe m'khola ndi zowerengeka."

A Toktosun anaima kapepala kali pamlomo. Za mabuku akanatha kutsutsa mpaka madzulo, koma izi zinali za kubusa kwenikweni. Chiweto chikasiya kudya sichikusewera. Anatembenuka nayang'ana nkhaka yofota ija, kenako kanyama kamene kanadzikundikira pakona, ubweya uli nyankhalala. Nkhosa ili ndi thupi lodikirira masiku atatu. Aka kakanadikirira ndi chiyani? Anamva mantha, mantha enieni, ndipo m'makutu mwawo munamveka mawu a Akylai akuti adzawerengadi.

Anatsanulira ufa uja m'kabakuli kawo ka tiyi natakasa.

"Shuga ameneyu ndimaperera mutiyi, mano anatha," anatero. "Tenga katoni, mwananga. Ndikufuna ndikaone ngati ana a sukulu a kuchipatala cha ziweto amenewa akudziwa kanthu."

Anavala chipewa chawo choyera, nakwera minibasi katoni ili pamiyendo, Meerim ali pambali. Mayi wina atasuzumira n'kufunsa ngati ali ndiwo za madzulo, anamuyankha kuti ameneyo ndi wodwala ndipo amupatse ulemu.

Dokotala wa ziweto anali mtsikana wamfupi wovala magalasi, dzina lake Saltanat. A Toktosun anamuyeza ndi maso n'kuona kuti nsapato zawo zinali zazikulu msinkhu kuposa iye.

"Layamba liti, Bambo?"

"Dzulo m'mawa. Ndayang'anamo ndekha, mulibe kanthu. Ine ndi mbusa."

"Ndiye mwathiramo chiyani, abusa?"

"Tiyi."

"Wamkaka kapena wopanda?" anafunsa Saltanat nkhope ili gwaa. "Anthu a kumapiri ndimakudziwani, agogo anga ndi a konko. Shuga simunauzire?"

Meerim anatsokomola, nayamba kuwerenga chithunzi cha mitundu ya agalu chimene chinali pakhoma.

"Ndinamwera mutiyi," anatero a Toktosun.

"Mwachita bwino. Diso ili lili ndi bala, shuga akanalipala ngati mchenga."

Saltanat anadontheza mankhwala oletsa ululu, kenako kadontho kachikasu, nazimitsa getsi n'kuwalitsa kanyali kabuluu. Pakati pa diso panawala chibanga chobiriwira, chachikulu moti ngakhale a Toktosun anachiona.

"Bala ndi limenelo. Tsopano tipeze wolakwa." Anakokera pansi chikope chammunsi ndi kampani kachitsulo. "Eya, nayu. Bwerani muone, Bambo. Nsonga yake iyo, pakona."

A Toktosun anawerama mpaka chipewa chinagunda nyali. Anaona kufiira, anaona kunyowa, basi.

"Kuti?"

"Mayo ine, ndakaona, ako apo!" anafuula Meerim, amene anali kumbuyo kwawo, patali ndithu. Atazindikira chimene wachita anagwira pakamwa.

A Toktosun anatseka diso lawo lamanzere ndi chikhatho, dziko lonse n'kusanduka nkhungu. Anatseka lamanja, nkhungu inachepa koma sinathe. Zimenezi sizinali zachilendo kwa iwo. Zaka ziwiri tsopano nkhosa ankaziwerenga ndi dzanja pachipata, ndipo m'mawa uliwonse ankasukusula ndi tiyi wakuda, osauza munthu.

Saltanat anakoka pang'onopang'ono, kanthu kaja kakutuluka, kakutulukabe, mpaka anakaika pachikhatho chawo. A Toktosun anakakhudza ndi chala ndipo anakadziwa nthawi yomweyo. Kanali kamunga ka udzu wa kumtunda kwa dambo lawo, kotalika ngati chikhadabo, kaja kamabaya ana a nkhosa m'chilimwe. Anakamweta okha, anakanyamula okha ulendo wonse kuchokera ku Naryn, ndipo anakayang'ana masiku awiri osakaona. Manyazi anawagwira.

"Lipola?" anafunsa.

"Lipola, poti mwabwera lero. Mukanati mawa kapena mkuja sindikanalonjeza." Saltanat analemba pepala akulankhula. "Madontho awa kanayi patsiku, awa a ululu pakamwa. Ikakana kudya muzimwetsa phala la udzu ndi jakisoni wopanda singano, mimba ya mbira siyenera kuima. Udzu wanu ndi wabwino, musautaye, muzingousankha minga. Ndipo tsiku lina diso likadzatsinzina, kutuwa kapena kutupa, musadzafulenso tiyi. Mudzabwere tsiku lomwelo."

Atapereka pepalalo kwa Meerim anawayang'ana a Toktosun kumaso nthawi yaitali.

"Bambo, ine ndi wa ziweto, koma ng'ala ndimaidziwa ngakhale pa munthu. Imeneyo madokotala amachotsa. Tiyi sangaithe."

"Ndabweretsa mbira, sindinabweretse ine," anatero a Toktosun akukonza chipewa. Koma wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo mawuwo anakwera nawo minibasi.

Masiku otsatirawo anagawana ntchito. A Toktosun ankagwira mbira, pakuti manja awo ankadziwa kukhazika chiweto pansi, ndipo Meerim ankadontheza mankhwala. Masana mkuluyo ankakhala pakhonde ndi thumba lawo, akusankha udzu ndi zala, m'modzim'modzi. Tsiku lachiwiri fuliji itatseguka, m'khola munamveka likhweru lofooka, ndipo a Toktosun anaseka mpaka kutsokomola.

Akylai atabwera sanavule ngakhale nsapato. Anathamangira kukhola, nanyamula Boorsok, nayamba kuwerenga mokweza.

"Miyendo inayi. Makutu awiri. Maso awiri." Anaima. "Agogo, kadontho koyera aka n'kachiyani?"

Meerim anatsegula pakamwa kuti awatchinjirize, koma a Toktosun anakweza dzanja. Anatulutsa kapepala kopinda m'thumba la malaya, namuonetsa kamunga kaja, namuuza zonse: udzu, tiyi, ngakhale shuga.

"Ndiye munayang'ana koma simunakaone?" anafunsa Akylai.

"Sindinakaone, mdzukulu wanga. Amayi ako ndi amene anaona zonse."

Mwanayo anasendera pafupi, nawagwira masaya ndi manja awiri monga momwe ankagwirira mbira yake, nawayang'ana m'maso.

"Lanunso latuwa, Agogo. Buku langa likuti tsiku lomwelo."

A Toktosun anakhala patebulo pamene Meerim anali atayamba kuthira tiyi, nakokera tiipoti pafupi, naigogoda pachivundikiro ndi chala.

"Iwe tiipoti," anatero ndi mawu awo onse a kubusa, "ntchito ya udokotala ndakuchotsa. Ndipo ukamuuze mayi wa nyumba ino kuti mawa m'mawa andiperekeze kwa dokotala wa maso. Wa anthu."

Meerim anawapatsa kabakuli ndi manja awiri, ndipo ulendo uno sanayang'ane chiwiya chilichonse.

"Ndamva, Bambo," anatero.