Njerwa za pa Chulu cha Amayi

Chiyambire kuumba njerwa, Zefaniya Mwale sankagona bwino. Thupi linkatopa, msana unkawawa, koma akangotseka maso ankamva fungo la dothi lonyowa ngati lili pamphasa pomwepo.

Zefaniya anali mkamwini m'mudzi wina kufupi ndi Malomo, m'boma la Ntchisi. Pamsika paja aliyense ankamanga, wina chigayo, wina malo ogulira soya. Iyenso ankafuna kagolosale kake kuti asiye kutchedwa mlendo wodya za eni. Dothi labwino analipeza pachulu cha kuseri kwa manda, pansi pa mtengo wa mpoza, pomwe panalibe mtumbira kapena chizindikiro chilichonse.

Mkazi wake Nankhoma, yemwe anali ndi pakati, anamuletsa tsiku loyamba lomwe.

"A Mwale, pachulu paja musakumbepo."

"Chifukwa chiyani?"

"Ndi pa amayi."

"Amayi ake ati? Chulu n'cha chiswe, Nankhoma."

Mkaziyo anangoweramitsa mutu, ndipo kuyambira tsikulo chakudya ankangochigwiragwira. Mlongo wake wa Nankhoma, Gelesomu, amene ankathandiza kuponda dothi, anaiseka nkhaniyo.

"Alamu, achemwali angawa akuopa kuti mukalemera mukatenga wina ku Kasungu. Tiyeni, bweretsani chikombole!"

Tsiku lina khasu linatulutsa kansanza kovunda ka maluwa achikasu. Zefaniya anakakankhira pambali n'kupitiriza kukumba. Njerwa zinauma, anazisanja pauvuni, nkhuni anatuta. Chinatsala n'kuyatsa moto.

Usiku womaliza uja tulo tinamugwira mwadzidzidzi. Anadziona akuyenda m'kanjira kopita kuchulu, m'kati mwa nkhungu yozizira. Kunalibe mbalame, ndipo ngakhale mapazi ake sankamveka. Kutsogolo kwake kunkabwera apongozi ake, a Nachisale, mzamba wa mudziwo, amene anamwalira dzinja lapitalo.

Ali moyo, a Nachisale sanayandikanepo ndi mkamwini wawo. Akakumana panjira ankapatukira m'udzu, n'kuyang'ana kumbali, moni n'kumapatsana chapatali monga mwambo umafunira. Choncho Zefaniya anapatuka msanga n'kugwada. Koma iwo sanapatuke. Anafika mpaka pamene anagwadapo, anaima, n'kumuyang'ana m'maso.

Manja awo anali ofiira ndi dothi mpaka m'zigongono. Kumbuyo kwawo uvuni unkaoneka mwachimbuuzi, ndipo m'mipata ya njerwa munkatuluka timawu tofooka ngati ta anapiye onyowa ndi mvula.

"Apongozi," anatero a Nachisale motsitsa mawu, "lero ndakuyang'anani kumaso. Manyazi mwandichotsa ndinu."

"Ndalakwanji, amayi?"

"Ana obadwa osalira timawaika ife amayi tokha. Sitikumba mozama, kuti mimba ya mayi wawo isatsekeke. Mwamuna sitimuuza malo. Inu mwawafukula, mwawaponda ndi mapazi, mwawathira m'chikombole. Mawa mukufuna kuwawotcha."

Kenaka anatambasula nsalu ya maluwa achikasu, yatsopano ngati yangochoka pamsika. Zefaniya anaizindikira. Anaigula yekha pa Malomo, kugulira Nankhoma pa mimba yoyamba, imene inapita padera. Tsiku limenelo amayi a m'mudzimo anangomuuza kuti zalephereka. Maliro sanalire, ndipo iye sanafunse kanthu.

"Wanu ndinamuika ndi manja anga awa," anapitiriza a Nachisale. "Mukayatsa moto, amene ali m'mimbayo atsatira mkulu wake."

Atatero anapinda nsalu ija, anapatukira m'udzu, n'kuyang'ana kumbali monga kale. Nkhungu inawaphimba.

Zefaniya anadzidzimuka kunja kukucha, m'kamwa muli mchenga ngati watafuna dothi. Nankhoma anali atakhala tsonga motsamira khoma, manja onse ali pamimba.

"Nankhoma, nsalu ya maluwa achikasu ija..."

Mkaziyo anagwira pakamwa. "Musafunse, a Mwale. Si za abambo."

"Sindifunsa. Kaitaneni amayi aakuluakulu abwere kuchulu."

Zefaniya atapita kuuvuni anapeza Gelesomu atafika kale, machesi ali m'manja, akuimba mluzu.

"Bwezani machesiwo m'thumba, alamu. Tipasule."

"Mwadzuka bwino koma? Thukuta lonse lija? Kapena munalawa kachasu dzulo?"

"Ndalota amayi anu."

"Ndiye maloto agwetse uvuni? Inenso ndimawalota akundituma kumadzi."

"Anandiyang'ana kumaso, alamu."

Gelesomu anasiya kuseka. Anayang'ana chulu, anayang'ana mtengo wa mpoza, kenaka anavula malaya n'kukwera pamwamba pa uvuni. Anayamba kutsitsa njerwa imodziimodzi, osaponya monga amachitira masiku onse, koma kupatsira mlamu wake m'manja. Zefaniya ankazilandira ndi manja awiri, poti sankadziwa kuti mwana wake ali mu iti.

Dzuwa litakwera, njerwa zonse zinali m'mphepete mwa dzenje. Amayi anafika atanyamula misi ndi ndowa za madzi, Nankhoma ali pakati pawo. Wamkulu wa onse anayang'ana dzenje lija nthawi yaitali, kenaka anapukusa mutu.

"Abambo, zanu zathera apa. Chokani."

Amuna awiriwo anakakhala patali, atafulatira. Anamva misi ikuphwanya njerwa, madzi akukhuthulidwa, makasu akukokera dothi. Panalibe nyimbo. Kenaka panamveka liwu limodzi likulira chapansipansi, ndipo palibe amene analiletsa. Anali Nankhoma, akulira maliro amene sanaloledwe kulira chaka chija. Zefaniya anagwira maondo ake mwamphamvu kuti asacheuke.

Golosale sinamangidwe. Malo a pamsika aja anatenga munthu wina, ndipo anyamata a pabawo anamuseka Zefaniya mpaka anatopa okha. Iye sanawafotokozere kanthu.

Koma madzulo a tsiku lomwe anapasula uvuni, Nankhoma anadya mbale yonse. Atatha anakhala pafupi ndi mwamuna wake pakhonde, anatenga dzanja lake lokhakhala ndi dothi n'kuliika pamimba. Anadikira. Patapita nthawi, kanthu kanagunda pang'ono pansi pa chikhatho chake.

Mpaka lero Zefaniya akamadutsa njira ya kuchulu, akafika pa mpoza amapatukira m'udzu n'kuyang'ana kumbali, ngakhale panjira palibe munthu.