Chigafa cha Nambala Sikisi

Feliya anali atangofika kumene pa esiteti ya ku Chisemphere kuchokera kwawo ku Phalombe pamene kapitawo anamutuma kukapachika fodya m'chigafa cha nambala sikisi. Atafika ndi mtolo wake pamutu, anapeza kuti pa nsanamira sipanalembedwe manambala amene ankawadziwa. Anaima pakati pa chigafa cholembedwa IV ndi china cholembedwa VI, osadziwa kolowera.

Mayi Lefina, omwe ankasoka fodya pamthunzi, anamukodola.

"Usavutike, mwanawe, n'zachiroma izi. V ameneyo ndi faifi. Kamtengoko kakakhala kumanzere kwake, chotsapo imodzi. Kakakhala kumanja, wonjezera imodzi."

Feliya anawerenga ndi zala.

"Ndiye kuti ichi ndi folo, changa ndi icho. Zikomo, mayi."

Anakatula mtolowo mtima uli m'malo, n'kuyamba kupachika.