Kanyumba ka m'Gemu Yakale

Makanika wina gemu yachiwiri anaidikira ngati malipiro a kumapeto kwa mwezi. Yoyamba anali ataisewera mpaka mabatani a kontirola kufufutika. Mmenemo unkayamba ngati mlonda wa pamlatho n'kumakwera pang'onopang'ono, ndipo aliyense amene unamuchitira chipongwe m'njira ankakusungira mangawa. Ndiye yachiwiri itangotuluka, mkuluyu anatseka galaja dzuwa lili paliwombo, girisi ali m'zikhadabo, ulendo wa kunyumba.

Ataiika m'makina osewerera, makinawo anakana, akuti malo adzaza. Anamufunsa ngati afufute gemu yakale pamodzi ndi zonse zosungidwamo. Anabwerezanso kufunsa, abale, makina aulemu! Iye anangodina, maso ali pa chinjoka cha pachikuto.

Koma gemu yatsopanoyo! Dziko lalikulu, lokongola, koma lozizira ngati chipinda cha alendo. Kamuvi kankamulozera kulikonse kopita ngati mwana wa ku mkaka. Anthu a mmenemo ukawathandiza kapena kuwaponda phazi, mawu awo anali amodzimodzi. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Anazungulira mzinda wonse akutukwana, kufuna poti agule nyumba, n'kupeza kuti gemu imeneyi ilibe za nyumba. Apo m'pamene anakumbukira kanyumba ka mkazi wake ka m'gemu imene anafufuta ija.

Mkazi wake, wogulitsa mankhwala ku famase, nayenso ankasewera gemu yakale ija. Anaiyamba chaka chatha atapita padera, masiku amene sankafuna kuona munthu. Za nkhondo analibe nazo ntchito. Anagula kanyumba kumapeto kwa mzinda, natenga kamtsikana kamasiye ka mu gemumo, n'kukapatsa dzina lomwe awiriwa anasungira mwana wawo. Tsiku lililonse akaweruka ankavula nsapato, kulowa kwa kanthawi, kamtsikanako n'kumuthamangira pakhomo. Makanikayu ankazidziwa bwino zimenezi. Anali ataiwala chabe, ndipo kuiwalako n'kumene kunamuchititsa manyazi koposa.

Anaimbira mnzake wokonza mafoni, yemwe anamuuza mosapita m'mbali kuti madzi akatayika saoleka. Gemu ingabwerere, koma kanyumba ndi mwanayo ayi. Ndiye bambo wamkulu ndi ndevu zake anatsuka mbale zonse, anakolopa, anapinda ngakhale zovala zimene zinali zopindapinda kale.

Mkazi atalowa anaseka, n'kufunsa ngati kukubwera apongozi. Anavula nsapato, nakhala pampando wake, natambasula dzanja kuti apatsidwe kontirola. Makanika anaganiza zonamizira magetsi, koma lilime linakana. M'malo mwake anayamba kunyoza gemu yatsopanoyo, za kamuvi kaja, za anthu opanda mtima, zoti opanga ake angotaya nthawi. Analankhula zambirimbiri, maso ali pa kapeti.

Mkaziyo anamvetsera mpaka mawu anamuthera mwamuna wake.

"Nanga yakale ija, bambo?"

"Malo anachepa. Ndafufuta."

"Sinakufunseni?"

"Inandifunsa."

Akanakalipa zikanakhala bwino. Akanamugenda ndi nsapato, makanikayo akanathokoza. Koma mayiyo anangoyang'ana sikirini, pomwe msilikali wachilendo anaima pakati pa msewu, kamuvi kakuphethira pamwamba pa mutu wake.

"Dzulo mwana uja anandipempha chidole," anatero motsitsa mawu. "Ndinamuuza kuti ndimubweretsera lero."

Makanika anafuna kunena kuti akhoza kuyambiranso, kuti ana amasiye mu gemu ija alimo ambiri. Mwamwayi anadzigwira pakamwa, poti anazindikira kuti mawu omwewo ndi amene anthu ankawauza chaka chatha pobwera kudzawapepesa.

Mkaziyo anaimirira, natola nsapato zake, n'kumuikira kontirola pamiyendo bwinobwino.

"Sewerani, bambo. Mwina ikoma kutsogoloko."