Makutu a Nkhumba ya Suet Fong

Tsiku lachitatu titakwatirana, ine ndi Suet Fong tinanyamuka ndi nkhumba yootcha kupita kwa makolo ake ku Sungai Rotan. Inagona chafufumimba pathabwa lofiira, khungu lake lili psuu ngati lapakidwa uchi, duwa lapepala lili pamutu. Abambo anga aang'ono awiri ndiwo ananyamula thabwalo, wina kutsogolo wina kumbuyo. Amayi ankayenda pambali akuingitsa ntchentche, ndipo tikayenda pang'ono ankasuzumira makutu ndi mchira ngati kuti zingathothoke zokha panjira.

Palibe amene ankawaseka. Nkhumba ya tsiku lachitatu ikafika yathunthu, makolo a mkazi amadziwa kuti mwana wawo tinamupeza ali namwali. Ikafika yodula makutu ndi mchira, mudzi wonse umadziwa kuti anali atadziwa kale amuna, ndipo sipakhala kufunsa kapena kuzenga mlandu. Kwathu kuli mayi wina waimvi mutu wonse amene mpaka lero ana amamutchula kuti Agogo Opanda Makutu.

Ine ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, nditangomaliza sukulu ya mishoni ku Ipoh, mutu uli wodzaza ndi ndakatulo za mwezi. Suet Fong ndinali nditamulembera zitatu kale. Anazimvetsera maso ali pansi, ndipo ine ndinaganiza kuti ndakwatira duwa loti ukalipumira mwamphamvu lithothoka. Ndinkangofuna tikafike msanga, tikamwe tiyi wa apongozi, tibwereko, ndimuwerengere yachinayi.

Koma pakati pathu ndi msewu panali waya. Chaka chapitacho, mu 1951, boma la Angelezi linatizula m'minda yathu m'mphepete mwa nkhalango n'kutitsekera m'mudzi wa mizere yowongoka, wozingidwa ndi waya waminga kawiri, ati kutiteteza kwa zigawenga zachikomyunizimu. Kutiteteza kwake kunali kutisecha m'matumba. Popita kukacheka mitengo ya mphira sunkaloledwa kutenga ngakhale mpunga wodzaza chikhatho, kuopa kuti ungadyetse a m'nkhalango. Akuluakulu a ku London, ku Moscow ndi ku Peking anagawana dziko lonse lapansi, ndipo malire awo anadutsa pachipata chathu, pomwe a Foong ankapisa dzanja m'madengu a nkhalamba.

A Foong kale ankagulitsa mankhwala a njoka zam'mimba pamsika. Atabwera Ajapani anawagwadira Ajapani. Atatuluka a m'nkhalango nkhondo itatha, anakweza chibakera n'kuimba nyimbo zawo. Tsopano anali mkulu wa alonda a mudzi, atamanga kansalu pamkono ndi kunyamula mfuti yophera mbalame.

"Eee, a Ngelezi afika!" anatero atandiona, akunyodola sukulu yanga. "Ndiye mwatopa bwanji, mkamwini? Masiku atatu okha mawondo akunjenjemera kale?"

"Kalata nayi, a Foong," ndinatero. "Basi inyamuka posachedwa."

Amayi anavutikira kalata ya chilolezoyo milungu itatu. Inalembedwa kuti: nyama ya nkhumba yootcha, yolemera mapaundi makumi atatu. Nambalayo anangoitchula pamtima, nkhumbayo ikadali yamoyo m'khola.

Tsiku lina lililonse a Foong akanalandira paketi ya ndudu n'kuyang'ana kumwamba. Koma tsikulo kunali alendo. Pansi pa mtengo panaima Bwana Harcott, mnyamata wa boma woyang'anira mudzi wathu, amene tinkamutchula kuti Nkhanu Yophika chifukwa cha nkhope yake yofiira. Anali ndi phungu wonenepa wochokera ku London ndi mtolankhani wa ku Amereka wonyamula kamera. Anabwera kudzaona mmene dziko la mfulu likugonjetsera chikomyunizimu.

"Pasikelo!" a Foong anakuwa, akusuzumira kwa azunguwo kuti aone ngati amva.

Abambo aang'ono anaika nkhumbayo, n'kuchotsera kulemera kwa thabwa. Singano inaima pa makumi atatu ndi anayi.

"Yapitirira, Bwana!" A Foong anamenya sawatcha. "Mapaundi anayi!"

Azungu aja anasendera. Phunguyo anapukuta thukuta n'kufunsa kuti mapaundi anayi angadyetse chigawenga masiku angati. Bwana Harcott anati mlungu wathunthu, ndipo wa ku Amereka analemba m'kabuku kake. Kenaka Bwana Harcott anationa ife, zovala zathu zaukwati, ndipo mtima wake wabwino unamugwira. Ndikanakonda akanakhala wankhanza. Wankhanza umadziwa pomuzembera.

"Ndi tsiku lawo lachisangalalo," anatero kwa alendowo. "Tisawaonongere nyama yabwino. Foong, dula zopanda ntchitozi basi. Makutu, mchira, mapazi. Zikwana."

Anamwetulira, akudikira kuti timuthokoze.

A Foong anabadwira m'mwambo womwewu. Ana awo aakazi awiri anakwatiwa, ndipo nkhumba zawo anaziyendetsa msika wonse. Anadziwa bwino lomwe zimene mzunguyo wanena. Anangoti, "Chabwino, Bwana," n'kusolola mpeni.

Amayi samamva Chingelezi, koma ataona dzanja la a Foong lagwira khutu anakuwa ngati apsa ndi mafuta. Abambo aang'ono, amuna a ndevu, anapeza chinthu chofunika kuyang'ana pa zala zawo zakumapazi.

"Iwe Foong!" amayi anatero. "Amako anakuberekera pamsewu? Siya khutu limenelo!"

"Mayi, lamulo si langa. Lankhulani ndi mfumukazi ya Angelezi."

"Kwok Leung, lankhula!" Amayi ananditsina pamkono. "Tinakutumiza kusukulu kuti uzikawerenga nyenyezi?"

Ndinapita patsogolo. Zaka khumi ndinaphunzira chinenero chawo, mayina a mafumu awo ndi mitsinje yawo, koma palibe mphunzitsi anandiuza mmene munthu amanenera za usiku wake woyamba pamaso pa amayi ake, mkazi wake ndi anthu makumi anayi odikira kusechedwa.

"Bwana, makutuwo sangadulidwe."

"Bwanji? Mumadya makutu?"

"Makutuwo amanena za khalidwe la mkazi wanga. Asanakwatiwe."

Wa ku Amereka ndiye anayamba kumva. Anaseka mpaka kamera inagunda pachifuwa pake, n'kunong'oneza phungu uja, ndipo onse awiri anatembenuka kuyang'ana Suet Fong kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndiye tiuze, mnyamata," anatero wa ku Amereka, pensulo ili m'manja, "makutuwo akuyenera kukhalapo?"

Ndikanakhala ndi mfuti ya a Foong, a m'nkhalango akanapeza msilikali watsopano tsiku limenelo. Si kuti ndinkawakonda. Nawonso ankabwera pawaya kudzatenga mpunga m'dzina la anthu osauka, ndipo wokana ankapezeka m'ngalande.

Bwana Harcott anafiira kuposa dzina lake. "Pepa, sindinadziwe. Ndiye dulani mwendo umodzi."

"Iyenera kufika yathunthu, Bwana."

"Ipite ndi mapaundi ake anayiwo, sizingatheke?" Bwana Harcott anafunsa motsitsa mawu, koma sanafunse ine, anafunsa phungu uja.

Phunguyo anatupa. Anati anyamata awo akufa ku Korea, anati ufulu wa dziko lonse uli pachiswe, anati ukalola paundi imodzi lero mawa ulola thumba. Ananena zonsezi atayang'ana nkhumba yathu, akumeza malovu. Kumsewu basi inaliza hutala.

Apo ndi pamene ndinachita zopusa zanga. Ndinatembenukira kwa Suet Fong, dzanja lili pamtima, ndipo ndinalankhula mokweza kuti mzere wonse umve.

"Tiisiye nkhumbayi, tipite tokha. Chikondi chathu sichifuna umboni wa nyama yakufa. Ine ndikaima pamaso pa makolo anu, ndikawauza ndi pakamwa panga."

Amayi anandiwomba khofi pakhosi. Kupita opanda nkhumba n'koipa kuposa kupita ndi yodula makutu, ndipo ndinkadziwa zimenezi, koma mawuwo anamveka bwino m'mutu mwanga.

Suet Fong anadzutsa maso. Aka kanali koyamba kundiyang'ana mwachindunji.

"Inu madzulo mubwerera kuno," anatero. "Amayi anga ndiwo akatsale uko ndi pakamwa pa anthu. Sunthani."

Ndinasuntha. Anakwinya manja a diresi lake lofiira n'kutambasula dzanja kwa a Foong.

"Amalume, mpeniwo."

"Mwana iwe, uwu ndi mpeni wa boma."

"Ndi wa a Yip ogulitsa nsomba, munabwereka chaka chatha. Bweretsani."

Mzere wonse unaseka, ndipo a Foong anapereka. Suet Fong anauza abambo aang'ono kuti atembenuze nkhumbayo chagada, pang'onopang'ono, khungu lisasweke. Nkhumba yootcha imakhala yong'ambidwa kumimba. Analowetsa mpeni m'menemo n'kuyamba kusenga nyama ya pansi pa nthiti ndi ya mkati mwa ntchafu, akusiya khungu lonse ndi mafuta ake. Sanathamange. Ankadula, n'kuika pasikelo, n'kudulanso. Mafuta anayenderera mpaka m'chigongono chake. Ine ndinaima ngati mtengo, ndikuyang'ana duwa langa likugwira mpeni ngati munthu amene anayamba kutumbula nkhuku asanayambe kuwerenga.

"Anayi," anatero. "Auzeni ayang'ane okha, asadzati tinaba."

Bwana Harcott anayang'ana singano n'kugwedeza mutu mwachangu, ngati munthu amene wapeza chimbudzi panthawi yake. A Foong anali atatambasula kale nyuzipepala kuti akulungire nyamayo.

"Yotsalayi ikhala ku ofesi, monga mwa lamulo."

"Lamulo likuti isatuluke pachipata," Suet Fong anatero. "Silikuti ilowe m'mimba mwanu."

Ananyamula mbale ya sikelo n'kuyenda nayo mumzere, akupatsa aliyense nthuli. Nkhalamba zomwe zinali zisanalawe nkhumba chiyambire Chaka Chatsopano zinatafuna pomwepo, mafuta akutsika m'zibwano. A Foong anadzilowetsa pakati pawo n'kutolako yawo. Wa ku Amereka anagwada n'kuyamba kujambula, akukuwa kuti timwetulire. Phungu uja anati izi ndizo anabwerera kudzaona, anthu osangalala akudyera limodzi ndi owateteza.

Tinatembenuzanso nkhumba, amayi anakonza duwa lake, ndipo tinathamangira basi. Kondakitala anafuna kuiika padenga. Amayi anamuyang'ana kamodzi kokha, ndipo nkhumbayo inakhala pampando wakutsogolo, ine ndinaima njira yonse.

Ku Sungai Rotan nako kunali waya ndi sikelo, koma makumi atatu anali makumi atatu. Apongozi anga aakazi ankadikira pachipata pomwepo ndi azakhali asanu. Sanandipatse moni. Anapita kumutu kwa nkhumba, anakoka khutu lakumanja, anakoka lakumanzere, anazungulira kumbuyo n'kugwira mchira. Kenaka anapumira m'mwamba, maso ali ndi misozi, ndipo anauza onyamula kuti asadutse njira yachidule. Tinadutsa pachitsime, tinadutsa pasitolo ya khofi, tinadutsa kawiri pakhomo pa mayi wina amene sankalankhulana naye.

"Mwaona?" ankatero kwa aliyense. "Yang'anitsitsani, musaope, gwirani."

Titalowa m'nyumba, apongozi aamuna anatenga chikwanje kuti adule pakati, chifukwa mutu ndi kumchira zimabwerera kwa mwamuna. Chikwanjecho chinalowa mosavuta kwambiri. Anasuzumira mkati, n'kuitana akazi awo ndi chala. Apongozi aakazi anasuzumira nawo, ndipo mwamsanga anakankha chitseko ndi phazi, azakhali aja asanaone.

"Asebere," anatero kwa amayi anga, mawu ali pansi, "kwanu makoswe amayambira mkati?"

Amayi anatsegula pakamwa, koma Suet Fong anawatsogolera.

"Ndadula ndine, amayi. Ndikufotokozerani tikamatsuka mbale. Inu ingodulani mopyapyala kuti ikwanire nyumba zonse."

Apongozi aakazi anamuyang'ana mwana wawo, anayang'ana mafuta pa diresi lake, kenaka anayang'ana ine.

"Nanga uyu anali kuti?"

"Ankamasulira," anatero Suet Fong, akundithirira tiyi.