Mlendo Pachipewa

Chipewa anali atagwada, akukankhira bokosi pansi pa bedi, pamene mkazi wake analowa kuchipinda ndi chikwama chake cha ku saluni.

"Mwayamba kupemphera masana?" mkaziyo anafunsa.

"Ndikufuna nsapato."

"Nsapato zili kuphazi kwanu. Tatulutsani chimene mukubisacho."

Chipewa anadziwa kuti wagwidwa. Anakoka bokosilo n'kulitsekula. M'katimo munali nyambo zowedzera nsomba, zija asodzi amangozitchula kuti ntchentche: mbedza yovekedwa nthenga ndi ulusi kuti izioneka ngati kachilombo kogwera pamadzi. Zinali mazana awiri, zofiira, zachikasu, zobiriwira, zitandandalikidwa bwino m'mizere. Anaziitanitsa pa foni kuchokera kunja, pamtengo woti munthu ukaumva umayamba waseka.

Ntchito ya Chipewa inali yoperekeza alendo a pahotela ina kumtsinje. Ankawasonyeza pamene nsomba zimabisala, n'kuwapatsa ntchentche zoyenera tsikulo. Dzina lakelo linachokera pa chipewa chake chakale, chimene ankabayapo ntchentche iliyonse imene waikonda, mpaka nsalu yake inasiya kuoneka.

Kwa zaka khumi ndi chimodzi, ntchentche zake zonse zinkachokera m'manja mwa apongozi ake aamuna, amene aliyense ankawatchula kuti Amisiri. Iwowa ndi amene anamuphunzitsa kuponya chingwe asanaganize n'komwe zofunsira mwana wawo, ndipo ndi iwo anakamupezera ntchito pahotelapo. Chimwalirire akazi awo, Amisiri ankakhala m'chipinda cha kumbuyo, mmene munali tebulo lawo, chopanira mbedza, nyale ndi timabotolo ta nthenga. Kale ankamanga ntchentche makumi atatu pa tsiku akucheza. Koma chaka chathachi manja anayamba kunjenjemera, ndipo m'masabata awiri apitawa anali atamanga zisanu ndi ziwiri zokha.

"Loweruka kukubwera alendo asanu ndi atatu," Chipewa anafotokoza motsitsa mawu. "Abwana akuti aliyense akhale ndi kabokosi kodzaza. Ndipo alendo mukuwadziwa inu, theka la ntchentche amadyetsa mitengo."

"Nanga bambo mukawauza chiyani?"

"Sindiwauza. Zisanu ndi ziwirizo ndikalandira ndi manja awiri ngati kale. Zinazo ndidzazira izi."

Mkaziyo anakhala pabedi, chikwama chili pamiyendo. Zoseka zinali zitamuthera.

"Mukudziwa kuti chimawadzutsa m'mawa ndi tebulo lija," anatero. "Tsiku limene adzamve kuti sakufunikanso, adzagona osadzukanso. Ndinaona mmene anakhalira maliro a amayi atatha."

"N'chifukwa chake bokosili likukhala pansi pa bedi."

Ili linali Lachitatu. Chinsinsi chawocho sichinafike ngakhale Lachinayi masana.

M'mawa mwake Chipewa anatenga ntchentche imodzi m'bokosimo, yofiira ya mchira wautali, n'kupita nayo kukhitchini kuti akaione pawindo. Anali akuitembenuza m'zala pamene anamva masilipasi a Amisiri akukhwekhwereza mukhonde. Dzanja silinadikire mutu: linachita chimene linazolowera zaka zonsezi, linabaya ntchentcheyo pachipewa.

Amisiri analowa n'kukhala pampando wawo wa pafupi ndi khomo. Chipewa, monga mkamwini wolemekeza, anavula chipewa n'kuchigwira patsogolo ndi manja awiri. Mwaulemu wakewo, anachifikitsa pamaso penipeni pa nkhalambayo.

"Mwadzuka bwanji, bambo?"

"Ndadzuka, akamwini." Amisiri sankayang'ana nkhope yake. "Koma ndikuona kuti mwalandira mlendo. Uyu wofiirayu ndi wa kwa yani?"

Pachipewapo panali ntchentche zoposa makumi asanu, koma mbusa salephera kudziwa mbuzi yachilendo m'khola.

"Tandipatsani," Amisiri anatero. "Mubweretsenso tambula ya madzi."

Imeneyi inali njira ya Amisiri kuyambira kale. Ntchentche iliyonse ankaiponya m'tambula, n'kukweza tambulayo pamwamba pa mutu kuti aione chapansi. Ankati msodzi amaona msana wa ntchentche, koma wogula weniweni ndi nsomba, ndipo nsomba imaona mimba. Tsiku limeneli madzi ankagwedezeka m'tambulamo chifukwa cha dzanja lawo, mpaka Chipewa anagwirira pansi pake.

Ntchentcheyo inayandama pang'ono, kenako inapendekeka n'kumira. Amisiri anaivuula, n'kutsina kamutu kake ndi chikhadabo. Ulusi unayamba kumasuka wokha.

"Chikomekome cha nkuyu," anatero, osamaliza mwambiwo. "Zilipo zingati?"

"Mazana awiri, bambo."

Mkazi wa Chipewa anali ataima pakhomo, ketulo ili m'manja, akuyang'ana mwamuna wake ndi diso loti ndinanena ine.

"Bweretsani bokosi lonse," Amisiri anatero.

Analandira bokosilo, analowa nalo m'chipinda mwawo, n'kutseka chitseko. Tiyi wawo anazizira patebulo.

Tsiku limenelo Chipewa anagwira ntchito ngati munthu wobwereka thupi. Anakonza ndodo zowedzera, anapukuta nsapato za m'madzi, koma mtima unali pa chitseko chotseka chija. Ankadziona ngati munthu wosayamika, wotaya bwato atawoloka. Ankaganizanso za Loweruka, poti tsopano analibe ntchentche zabwino, analibenso zoipa zomwe. Kawiri konse anatulutsa foni kuti aimbire mkazi wake, kawiri konse anaibweza m'thumba poopa chimene angamve.

Anafika kunyumba dzuwa lisanalowe. Asanatsegule n'komwe chitseko cha pabalaza anamva fungo la ku saluni, lija la kyutekisi wopaka m'zikhadabo. Kenako anamva kuseka. Kunali kuseka kwa Amisiri, kumene nyumbayo inali itakuiwala.

Chitseko cha chipinda cha kumbuyo chinali chotsekula. Patebulo panali milu itatu ya ntchentche. Amisiri anali atavala magalasi awiri, ena pamwamba pa anzake, sizasi ili m'manja. Pambali pawo panali mwana wawo, amene anali atapempha kuweruka msanga, atagwira kabotolo ka kyutekisi woyera ngati madzi.

"Lowani, akamwini, musaime ngati mwabwera kudzafunsira kachiwiri," Amisiri anatero. "Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima."

Chipewa analowa, chipewa chili m'manja. "Bambo, pepani. Ndinalakwa kubisa."

"Khalani pansi muone kaye katundu wanu." Amisiri analoza mulu waung'ono. "Izi ndi zakufa, mbedza zake ndi zofewa ngati waya wa pakhola la nkhuku. Ndazikoka ndi pulayala, zawongoka. Muzitaye, zingakuchititseni manyazi. Koma zinazi mbedza zake ndi zabwino. Vuto ndi liwiro basi. Nthenga anachulutsa, n'chifukwa chake zikupendekeka. Pamutu anazunguliza ulusi katatu m'malo mwa kasanu, ndipo sanamatepo. Taonani."

Anaika ntchentche imodzi m'chopanira. Anatsamiritsa mkono patebulo mpaka dzanja linadekha, n'kudula nthenga ziwiri zapansi. Mwana wawo anakoka kaulusi kotsala, n'kudonthezera kadontho ka kyutekisi pamutu pake. Itauma anaiponya m'tambula. Inakhala pamadzi mowongoka, miyendo itatambasuka, ngati yamoyo.

"Makasitomala anga akadziwa kuti kyutekisi wawo akudyedwa ndi nsomba, andithawa," mkaziyo anatero.

"Iwe uzingodontheza, nsomba sizidandaula mtundu," bambo ake anayankha.

Kenako Amisiri anavula magalasi apamwamba aja. Anatenga ntchentche ina yosakonza, n'kuiyang'ana nthawi yaitali.

"Amene anamanga iyi ndi mmisiri, akamwini. Musamunyoze. Taonani mmene anagonekera phiko. Munthu wosadziwa sangagoneke chonchi. Kungoti pali wina waima kumbuyo kwake akumuuza kuti fulumira." Anapumira m'mwamba. "Ine ndinayambira m'shedi yomangiramo ntchentche ndili mnyamata. Tinalipo makumi anayi patebulo limodzi lalitali, kapitawo akuyendayenda kumbuyo. Tinkamangira anthu a kutali amene sitinawaonepo. Ukati uzungulize kasanu, anzako akusiya m'mbuyo. Ndinkazunguliza katatu, mtima ukundipweteka, n'kumadzifunsa kuti kodi kumene zikupitako alipo amene adzamalize? Lero ndi ine ndikumalizira mnzanga."

Nkhani ya shediyo Chipewa anali asanaimvepo, ngakhale mwana wawo weniweniyo anali atasiya kudontheza.

"Ndipo kubisa simunayambe ndinu," Amisiri anapitiriza. "Masabata awiri onsewa ndakhala ndikudziwa kuti za Loweruka sindikwanitsa. Kuyamba pa mbedza yopanda kanthu, kugwira kanthenga kakang'ono kuti kasathawe, manjawa akana. Ndinkatseka chitseko kuti musaone ndikutola nthenga pansi. Ndinkaopa kuti ndingakuchotsetseni ntchito imene ndinakupezerani ndine. M'mawa muja nditaona bokosi, poyamba chinandibaya, sindikana. Koma nditatsekula n'kuona kuti ntchito yolemetsa wina wagwira kale, yatsala ya diso ndi sizasi, ndinati Mulungu sapatsa pamanja."

"Ndiye tonse m'nyumba muno timabisirana chinthu chimodzi," mkaziyo anatero, akupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Ine ndekha ndi amene ndinalibe chobisa."

"Iwe unabisa amuna ako," bambo ake anamuyankha, ndipo onse anaseka.

Chipewa anamva mtolo ukutsika pamapewa. Anayamika mumtima, anayamikanso pakamwa, mobwerezabwereza mpaka Amisiri anamuuza kuti zikomo sadula nthenga, akoke mpando. Anagwira ntchito atatu madzulo amenewo ndi Lachisanu lonse. Amisiri ankaweruza ndi kudula, mwana wawo ankamata, Chipewa ankayesa m'tambula n'kuyanika pa thaulo. Zisanu ndi ziwiri zija, zomangidwa ndi manja onjenjemera, Chipewa anakana kuzisakaniza ndi zinazo. Anaziika m'kabokosi kake ka m'thumba la pamtima, ndipo sizinapite kwa mlendo aliyense.

Loweruka alendo anadyetsa mitengo monga mwa mwambo wawo, koma nsomba nazo zinadya. Mayi wina amene anali asanagwirepo ndodo anakola nsomba zinayi ndi ntchentche imodzi, ndipo pamapeto pake inali ikadali yathunthu. Anafunsa kuti zimagulidwa kuti.

"Zimamangidwa ndi anthu awiri," Chipewa anayankha. "Mmodzi sindimudziwa. Winayo ndi apongozi anga."

Atabwerera kunyumba anapeza Amisiri atakhala pakhonde, akuyang'ana kumsewu ngati sakudikira munthu. Chipewa anavula chipewa n'kuwafotokozera zonse, nsomba ndi nsomba, dziwe ndi dziwe. Nkhalambayo inkangogwedeza mutu, koma inafunsa kawiri za mayi wa nsomba zinayi uja.

"Muitanitse bokosi lina," anatero pomaliza. "Ulendo uno zing'onozing'ono, zakuda ndi zotuwa, madzi ayamba kuchepa. Likafika libwere patebulo langa, chifukwa pansi pa bedi ndi malo a nsapato. Ndipo ngati pafoni panupo pali polembera, mulembe kuti mmisiri wawoyo azimupatsa mpata wopuma. Muwauze kuti ntchito yake yafika kwa munthu woiona."

"Ndilemba, bambo."

Amisiri anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa ntchentche yofiira ya mchira wautali, ija inaulula chinsinsi Lachinayi m'mawa. Inali itadulidwa bwino, kamutu kake kakunyezimira. Anatambasula dzanja kuti apatsidwe chipewa. Zala zinanjenjemera, mbedza inaphonya kawiri, koma Chipewa sanawathandize. Kachitatu inalowa, kutsogolo kwenikweni, pakati pa ntchentche zawo zakale.

"Uyu si mlendonso," Amisiri anatero, akumubwezera chipewacho. "Mawa mundidzutse msanga, mulu wachitatu sitinaumalize."