Mzere Umene A Gogoda Anausiya

"Tafulumirani madala, sitima si basi yoti idikire munthu!" anakuwa kapitawo ali pansi, manja ali m'chiuno.

A Gogoda anali pamwamba pa sitima yonyamula katundu, pakati pa makontena osanjikizana ngati njerwa, sipanala yawo yaikulu ili m'manja. Gulu lawo padokopo linkamanga makontenawo ndi zitsulo zazitali kuti asagwedezeke panyanja. Anyamata akamaliza kumanga, iwo ankadutsa mzere ndi mzere, kumenya chitsulo chilichonse ndi sipanala ija. Chikalira kuti ngwee, ndiye kuti chakungika. Chikalira mogonthera, ankaitana amene wamangayo kuti abwereze. Dzina lawo linachokera pamenepo, ndipo la makolo awo linali litaiwalika kalekale.

"Inu mukadzamwalira tidzakuikani ndi sipanalayo," anatero mmodzi wa omangawo, "mukagogode nayo pakhomo lakumwamba."

"Fulumira anadya gaga, mphwanga. Takunga apo, chitsulo chako chikutsokomola."

Chaka chimenecho aliyense anali paliwiro. Njira yachidule ya panyanja inali itaopsa, sitima zinkaomberedwa kumeneko, ndiye zonse zinkazungulira kutali, kunyanja yozizira ya mafunde aakulu. Zinkafika mochedwa, zitasenza mpaka kumwamba, ndipo eni ake ankafuna zinyamuke zisanapume n'komwe.

Koma sitima ya tsikulo inali ina kwa a Gogoda. Mwana wawo wa chitsirizira anali atalembedwa ntchito mmenemo, ndipo uwu unali ulendo wake woyamba wautali. Mayi ake anamulukira juzi yobiriwira, usana ndi madzulo ali pa singano, koma mwanayo pochoka m'mawa anaisiya pampando dala kapena mwangozi, palibe akudziwa.

"Mukampatse m'manja, osatuma munthu," anatero mayiwo poiika m'chikwama cha amuna awo. "Akuti kumeneko kuzizira kwake n'kolowa m'mafupa. Mukabwera nayo juziyi, musalowe m'nyumba muno."

Hutala ya sitima inalira. A Gogoda anali atatsala ndi mzere umodzi, wakumbuyo kwenikweni. Apo m'pamene anakumbukira kuti chikwama chinali pansi, m'shedi mosinthira zovala. Nthawi yotsalayo inali yokwana chimodzi: kugogoda mzerewo, kapena kuthamangira juzi makwerero asanachotsedwe.

"Anyamata amanga kale, madala!" kapitawo anakuwanso. "Mzere umodzi ndi chiyani? Tsikani!"

Anauyang'ana mzere uja. M'maso unkaoneka bwinobwino. Anaika sipanala m'lamba n'kutsika.

Atabwerako wefuwefu, anapeza mwana wawo ali pamakwerero, chipewa cha ntchito chili kumutu, akuseka.

"Amayi nawonso! Ndivale chimenechi pamaso pa anzanga? Taonani, mkono wina wautali, wina waufupi."

"Landira iwe, usandigonetse panja."

Mwanayo anaikoleka juziyo m'khosi. "Nanga zitsulo mwagogoda zonse, ababa? Muli ineyo muno, musaiwale."

Ankangocheza. A Gogoda nawo anaseka. "Wandiyesa ndani iwe? Pita, ukalemekeze akuluakulu."

Makwerero anakwezedwa. A Gogoda anaima padoko mpaka juzi yobiriwira ija inasiya kuoneka, ndipo madzulo ake anauza akazi awo kuti katundu wafika kwa mwini wake.

Masabata anapita. Mwanayo ankaimba foni akapeza mpata, kudandaula za zakudya ndi za mafunde amene ankamugwetsa pabedi. Kenako foni inangoti zii. Tsiku lina masana a Gogoda anaitanidwa ku ofesi ya kampani ya sitimayo, ndipo ataona kuti bwana wa mmenemo waimirira n'kuwakokera mpando, anadziwiratu kuti si zabwino asanamve kanthu.

Bwanayo anafotokoza mwaulemu, maso ali patebulo. Sitima inakumana ndi namondwe kunyanja yozizira ija. Makontena akumbuyo anayamba kugwedezeka, kaputeni n'kutuma anthu kuti akakunge zitsulo. Ali pomwepo linabwera funde lalikulu. Makontena anakomokera m'madzi, anzake anagwira poti agwire, koma mwana wawo sanaonekenso. Anamufuna mmene akanathera.

A Gogoda anafunsa ndi mawu osasa, "Unali mzere uti?"

"Pepani, mwati bwanji?"

"Umene unayamba kugwedezekawo. Unali uti?"

"Bambo, inagwa mizere ingapo ya kumbuyoko. Namondwe ngati ameneyo amadula ngakhale chitsulo chatsopano. Komanso sitimayo inaima pamadoko ena itachoka kuno, manja ambiri anagwirapo."

"Koma unayamba ndi uti?"

"Zimenezo palibe angakuuzeni. Zonse zili pansi pa nyanja."

Panja anapeza kapitawo akuwadikira, chipewa chili m'manja. Liwu lake lokuwa lija linali litathawa.

"Chakudza sichiimba ng'oma, madala. Musadziphe ndi maganizo." Anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsanso mawu. "Za tsiku lija, zithere pakati pa ife awiri."

A Gogoda anangomulambalala.

Maliro opanda mtembo ndi owawa, abale. Anthu anabwera, anakhala nawo, analira, koma panalibe poti aperekeze munthu, ndiye anangobalalika mmodzimmodzi. Mayi aja anasiya kulankhula. Ankakhala pampando umene mwana wawo anasiyapo juzi, n'kumangonena chinthu chimodzi basi: "Mwana wanga m'madzi ozizira. Mwana wanga ankaopa kuzizira." A Gogoda chakudya chinkawakanira pakhosi. Kangapo konse anatsegula pakamwa kuti awauze akazi awo za mzere uja, koma akawayang'ana mmene anaondera, ankati mawa. Mawa lake silinkafika, ndipo chinthucho chinkawadya m'kati ngati chiswe.

Patapita miyezi sitima ija inabwerera. Loweruka masana mnzake wa malemuyo, amene ankagona naye chipinda chimodzi, anafika ndi chikwama. A Gogoda atachiona pakhomo anatsimikiza mumtima kuti lero lokha anena, mlendoyo akangochoka. Atukwanidwe, athamangitsidwe, bola mtolowo autule.

Mayi aja anachilandira chikwamacho ngati khanda. Anatulutsa zinthu chimodzichimodzi n'kumaziyala patebulo: mathalauza, nsapato zatsopano zimene anali asanavalepo, sopo wotha theka, chipeso. Anapisa dzanja mpaka pansi, anachitembenuza, anachikutumula.

"Juzi mulibe muno."

Mlendo uja anayankha kuti, "Anavala, amayi. Tinkamuseka nayo, timvekere wabera agogo ake, koma iye sankaivula. Tsiku lija potuluka anaivala m'kati mwa jekete. Ndinamuona ndi maso angawa."

"Anavala?"

"Anavala ndithu."

Mayiwo anagwira pakamwa. Misozi inatsika, koma sinali ngati ya masiku onse aja. Mapewa awo amene anali atauma kwa miyezi anatsika pang'onopang'ono.

"Ndiye kuti anapita atafunda," anatero. "Mwana wanga anapita ndi manja anga pathupi pake."

Mlendoyo atatsanzika, anatsala awiri m'nyumbamo. A Gogoda anakonza kukhosi. Mawu anali atafika kale palilime.

"Mayi, pali zimene ndikufuna…"

Akazi awo anawagwira dzanja, koyamba chichitikireni zovutazo, n'kulifinya.

"Zikomo bambo, munampatsa. Ndinkaopa kukufunsani, ndinkati mwina munatuma munthu, mwina inatsala m'shedi mwanu. Mukanapanda kumufikitsira, sindikudziwa ngati ndikanathanso kukuyang'anani kumaso." Anapukuta misozi ndi kuseri kwa dzanja. "Mumati chiyani?"

A Gogoda anayang'ana nkhope ya akazi awo. Kamtendere kokhako kamene mayiwa anapeza kanali katapachikika pa juzi yomweyo imene iwo anasiyira mzere. Akanena, ndiye kuti akuwalanda ndi kameneka komwe, n'kuwasenzetsa theka la mlandu. Mtima unawawawa koopsa, koma anameza.

"Ndimati ndinampatsa m'manja, monga munanenera."

Lolemba anabwerera kudoko. Padoko panali sitima ina, yochedwa ngati zinzake, hutala ikulira. Anadutsa mzere ndi mzere, palibe anawaseka, ndipo kapitawo anangoima pansi osakuwa. Atafika pamzere wakumbuyo kwenikweni anamenya chitsulo chilichonse, n'kubwereranso kuyambira poyamba. Zonse zinalira kuti ngwee. Anakhalabe chiimire pomwepo, sipanala ili m'manja, mpaka mmodzi wa omanga aja anabwera kudzawagwira mkono kuti atsike.