Mayeso Ni Mailo

Ine Vitalis Daka ndagonapo m'mahotela a ku Bulawayo, ndadyapo nkhanu ku Beira nditavala tayi, ndipo theka la makalaliki a m'zipatala za ku Migodi anadutsa m'sukulu yanga ya ku Ndola, imene ndinaiyamba ndi makina otayipila amodzi ndi benchi yobweleka. Zonsezo ndi zazing'ono. Chimene sanachitepo munthu wina kuyambila ku Luangwa mpaka ku Fort Jameson ndi ichi: ndinathamangitsa tsiku limene linali litapita kale, ndili pa njinga ya nsomba, ndipo ndinalipeza.

Zinali zaka za Chitaganya. Ndinali mnyamata wa ku Luembe, wa Sitandade Sikisi, ndipo ndinapeza malo ophunzila ukalaliki pa chipatala chaching'ono cha mishoni kufupi ndi Nyimba. Ophunzila tinali awili, ine ndi Cosmas Ngulube wa m'mudzi mwathu momwemo. Mphunzitsi wathu anali a Hilary Sakala, kalaliki wamkulu, munthu amene ankaoneka wokwiya ngakhale akudya uchi.

Ha, masiku amenewo! Mmawa tinkakhala pakhonde kulemba makhadi a odwala. Munthu akati ndine Tembo, ntchito inali isanayambe, chifukwa theka la mzele linali a Tembo. Unkafunsa mudzi, mfumu, dzina la mayi, mpaka Tembo wako atasiyana ndi a Tembo anzake. Masana tinkawelenga mabotolo a mankhwala ndi kukonza lipoti la mwezi. Maphunzilo enieni ankabwela pa positi kuchokela ku Halale m'maenvulopu akhaki, ndipo tinkaloweza pansi pa mtengo wa mango maina a matenda m'Chingelezi. Ndimakumbukabe m'mene tinasekela titapeza kuti dzina la chibayo limayamba ndi chilembo chimene sichitchulidwa n'komwe. Cosmas anati chilembocho ndi nduna ya Chitaganya: chili kutsogolo, koma ntchito yake palibe aidziwa.

Makina otayipila anali amodzi, ndipo a Sakala ankawasunga ngati mwana woyamba. Tinkawagwila Loweluka lokha, titasamba m'manja iwo akuona. Ine sindinadikile Loweluka. Ndinatenga thabwa la mukwa, ndinakhomelapo zitsekelelo za mabotolo m'mizele inayi, chilichonse ndi chilembo chake, ndipo ndinkalimenya tsiku lililonse mpaka zala zanga zinauma ngati zikhadabo za nkhanga.

Mayeso a satifiketi ankachitika kamodzi pa chaka ku boma la Petauke, mzungu wa ku Fort Jameson akabwela. Wolephela kapena wosafika ankatuluka, malo ake n'kupatsidwa wina. Ine ndikanatuluka, njila inali imodzi: lole ya olemba anthu ntchito ya m'minda ya fodya ku Halale, kumene akulu anga awili anapita osabwelanso. Tsiku la mzunguyo silinkadziwika, choncho nthawi yokumba nshawa itakwana, a Sakala anatilola kupita kwathu. "Ndikamva, ndidzatuma munthu," anatelo.

Munthu amene anam'tuma anali msuwani wanga Amon, wogulitsa nsomba zouma. Tsiku lina dzuwa lili pamutu, ine ndi Cosmas tikukumba m'munda wa amalume, tinamva belu kumsewu.

"Akalaliki a fumbi!" anafuula Amon, phazi limodzi lili pansi. "A Sakala ati mayeso ni mailo!"

Khasu linandigwa. Kwathu kuno mailo ndi tsiku lapita, mailo ndi tsiku likubwela. Mawu ena ozungulila ndiwo amakuuza kumene layang'ana. Koma "mayeso ni mailo" alibe kutsogolo, alibe kumbuyo, ali ngati nyongolotsi.

"Mailo iti, iwe?" ndinafunsa. "Yapita olo ibwela?"

"Ine ananipatsa mailo imodzi chabe, msuwani. Nabweletsa yonse, sininadyeko."

"Nkhope yao inali bwanji?" anafunsa Cosmas.

"Yokalipa."

"Basi tatha," anatelo Cosmas. "Anali kutinena kuti taphonya."

"Iwe, unawaonapo liti akuseka?" ndinam'funsa. Kenaka ndinatembenukila kwa Amon. "Anakuuza liti?"

Amon anakanda m'mutu, nayang'ana kumwamba. M'kamwa mwake munkatuluka fungo la mowa wa masese. Anati panjila anapeza anthu akumwa pa mwambo wochotsa malilo, ndipo munthu wa ulemu sadutsa pamalo otelo. Zoti anagona pomwepo kapena anangotseka maso pang'ono, sanathe kulumbila.

Cosmas anali wanzelu kuposa ine pa masamu, ndipo nzelu zakezo ndi zimene zinam'khazika pansi. Anajambula padothi ndi kamtengo: ngati ndi mailo yapita, tachedwa; ngati Amon anagona, tachedwanso; ngati sanagone, Petauke ndi kutali ndipo lole sidutsa mpaka Lolemba. Njila zonse zitatu zinathela pa khasu lake, ndipo analitola.

Ine ndinamasula dengu la nsomba pa njinga ya Amon ndi kuliika pansi.

"Iwe! Iwe, kawalala wa mishoni! Njinga iyo ni munda wanga!"

"Ukanakhala mlamu nikanapempha. Ndiwe msuwani, nitenga chabe."

"Ukaiononga?"

"Nizakubwezela ziwili!" ndinafuula nditafika kale pa chulu.

"Wamva, Cosmas? Ziwili! Ndiwe mboni!"

Mwaona njinga zambili, koma imeneyo simunaione. Mabuleki anali chidendene changa. Chishalo chinali chikopa cha mbuzi chokulungidwa pa chitsulo. Ntchentche za ku Luembe zinandipelekeza mpaka ku Nyimba chifukwa cha fungo la nsomba, kumeneko zinandipeleka m'manja mwa ntchentche za ku Nyimba. Pa chipatala ndinapeza ofesi yotseka. Wophika anati a Sakala anapita ku boma ndi makina ao. Sindinafunse kuti liti. Ndinali nditakhuta mayankho a tsiku limenelo.

Msewu waukulu nthawi imeneyo unali wa miyala ndi mabampu ngati nthiti za ng'ombe yowonda. Tayala la kumbuyo linaphulika dzuwa likupendeka. Ndinachotsa chubu, ndinadzaza udzu m'tayala, ndinamanga ndi luzi, ulendo. Mdima utagwa ndinagona pakhonde la sitolo ya Mmwenye, ndipo tambala woyamba anandipeza ndili kale panjila. Pa mtsetse wina pafupi ndi kwa Kalindawalo, udzu unatuluka, mkombelo unapindika, ine ndi njinga tinasiyana maganizo. Iyo inasankha mtengo wa msuku, ine ndinasankha minga. Ndinainyamula paphewa ndi kulowa m'Petauke wapansi, malaya ali mbendela.

Pa dispensale ya boma panali mzele wautali wa odwala. Pambali pake panaima Landilova, kukamwa kwake kuli yasa, miyendo ya makanika ikutulukila pansi. A Sakala anali pakhonde akumanga makina m'bokosi. Atandiona anavula magalasi.

"Daka. Mayeso anali mailo."

Tsopano mawuwo anali ndi mutu ndi mchila. Amon anagonadi pa mowa paja. Pamene ankatiuza kuti mailo, mailoyo inali itasanduka lelo, ndipo anyamata a ku Minga ndi ku Kaumbwe anali akulemba ine ndili ndi khasu m'manja.

Mzungu wa mayeso anali atakhala pa mpando wa nsalu, akudikila galimoto yake. Anthu ankamutcha Bwana Kaliwo, chifukwa kaliwo sankachoka pakamwa pake ngakhale mulibe fodya. Wina akanalila. Ine ndinatsamila njinga pa chipupa mwaulemu ngati ndi galimoto ya Kazembe, ndinaima patsogolo pake, ndipo ndinam'fotokozela m'Chingelezi cha m'maenvulopu akhaki kuti sindinachedwe ine, chinachedwa ndi chilankhulo.

Anachotsa kaliwo. "Sakala, n'zoona? Liwu limodzi, masiku awili?"

"N'zoona, bwana," anatelo a Sakala. "Ndiponso mnyamatayu pakamwa pake sipatsekeka. Zonse ziwili n'zoona."

Bwana Kaliwo anaseka mpaka kutsokomola. Anati mapepala a mayeso anamatidwa kale ndipo sangawatsegule. Kenaka anayang'ana mzele wa odwala, anayang'ana miyendo ya makanika. "Galimoto ikalila, ndikupita. Isanalile, ndionetse kuti ndiwe kalaliki."

A Sakala anamasula bokosi popanda kuuzidwa. Sananene za kusamba m'manja.

Ndinakhala pa tebulo. Woyamba anali mayi wachikulile wa chifuwa. Tembo, monga mwa masiku onse. Ndinam'peza mudzi, mfumu, dzina la mayi ake.

"Chinayamba liti chifuwa, amai?"

"Mailo, mwanangu."

Ndinamva kaliwo akugogoda pa mpando kumbuyo kwanga. Sindinatembenuke.

"Mwagona nacho kangati?"

"Aa, kugona nagona nacho kuyambila pokolola mapila. Mailo ndiye chinakula."

Ndinalemba mwezi wa mapila, ndinalemba deti la dzulo lake m'manambala. Pomuuza tsiku lobwelanso sindinanene liwu lija. Ndinati Lachisanu, tsiku la msika, ndipo ndinam'bwelezela mpaka analinena yekha. Anabwela wina, anabwela wina. Bwana Kaliwo ankaponya mafunso pakati ngati miyala: dzina la chibayo, ndinam'patsa ndi nduna yake kutsogolo, lipoti la mwezi limapita kwa yani, ndinam'uza. Pomaliza anayamba kunena kalata yotumiza wodwala ku chipatala chachikulu, mofulumila dala. Zala zanga za pa thabwa zinagwa pa makina a a Sakala ngati matalala pa malata. Landilova inatsokomola kamodzi, inazima. Inatsokomolanso. Pamene inalila zenizeni, ndinali ndikutulutsa pepala.

Analikweza kudzuwa. Kuwala kunadutsa pa "o" aliyense, chifukwa ndinali nditaboola onse, ndi kaboni yemwe.

"Palibe cholakwa," anatelo, "koma makina si mdani wako." Analemba dzina langa pansi pa maina a anzanga, nakwela galimoto.

A Sakala anayendetsa chala pa zilembo za makina ao, chimodzichimodzi, ngati akuona mabala a mwana. "Ukanawathyola, Daka, nikanakuthyola." Kenaka anatulutsa mbatata yootcha m'thumba la jekete ndi kundipatsa yonse. Ndadya m'mahotela ndanena aja, koma mbatata imeneyo sindinaipezenso.

Cosmas anakhala mlimi wa thonje, ndipo anakhala bwino. Mpaka lelo amati masamu ake anali olondola, ndipo sindim'tsutsa. Amon ndiye sanandipatse mtendele. Chimene ndinam'bwezela sichinali njinga, chinali chikumbutso cha njinga. Anayamba kusenza nsomba pamutu, ndipo paliponse tikakumana, pa malilo, pa ukwati, ngakhale pakhomo la tchalitchi, ankafuula kuti, "Bwana kalaliki, ziwili zija?" Ndinkamuuza kuti amene anagona pa mowa ndiye ayenela kulipila ine. Iye ankati mowa sunalonjeze kanthu pamaso pa mboni.

Chaka chimene Chitaganya chinatha, ndinatsika basi pa Nyimba nditavala suti ya ku Ndola, tsiku la msika, anthu onse akuona. Ndinaitanitsa Cosmas kuti aime pambali. Anyamata a basi anatsitsa katundu padenga, ndipo Amon anang'amba mapepala yekha, akutukwana mwachimwemwe. Anazizungulila, analiza mabelu, anapsinja matayala ndi chala kuti aone ngati muli udzu. Njinga ziwili zakuda, zatsopano, iliyonse ndi pampu yake.